Dzino la Zeinabu Lakomoka Chabe

Lolemba, 17 Febuluwale 2025

Mvula kuyambira m'mamawa. Nsapato matope okhaokha, Chilomoni ndi ameneyu. Odwala ochepa pakiliniki.

Cha m'ma leveni kwabwera mtsikana wa ku Machinjiri, Zeinabu. Anagwa pa kabaza Loweruka pa Kameza. Mlomo wotupa, dzino lakutsogolo lam'mwamba likugwedera pang'ono, koma losathyoka. Ukwati wake uliko Idi ikangodutsa. Womuperekeza azakhali ake, a Mwantumu, mayi oyankhula ngati wailesi yothyoka batani.

Ndamuyeza ndi kamakina kamagetsi. Kuumitsa dzino ndi thonje, kakolugeti kunsonga kuti magetsi alowe, kambedza pamlomo. Ndamuuza kuti akamva kunyerenyesa akweze dzanja. Dzino loyandikana nalo, dzanja m'mwamba msangamsanga. Lovulalalo, zii mpaka nambala yomaliza.

A Mwantumu pompo: lafa, zulani muike lina. Ine ayi ndithu. Dzino likamenyedwa mtsempha umakomoka, umatha masabata osayankha uli wamoyo. Chithunzi cha ekiselo chili bwino, mtundu sunasinthe. Tidikire.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

A Laurenti, eni kiliniki, aona fayilo. Akuti ndiboole ndichotse mtsempha zithe, ukwati wayandikira. Ndakana mwaulemu koma mumtima ndikuwira. Kupha dzino lamoyo chifukwa cha zithunzi za ukwati? Mtsikana wa zaka makumi awiri, dzino limeneli alifuna mpaka ukalamba. "Likada, mlandu ndi wako," atero. Mlanduwo ndauvomera. Ntchito yanga ndimaidziwa.

Lachitatu, 12 Malichi

Ramadani. Zeinabu ali pa swaumu, akusala kudya, kolugeti m'kamwa wakana. Akuti akameza mwangozi tsiku lawonongeka. Ine mayi wa Mvano zimenezi sindinaziganizireko n'komwe. Ndamumvetsa. Kubwera dzuwa litalowa sizingatheke, timatseka faifi.

Tayesa nsonga youma. Ngakhale mano abwinobwino aja, zii. Ndinkadziwa, magetsi alowera pati? Mufayilo ndalemba kuti kuyeza sikunatheke, osati kuti dzino silinayankhe. N'zosiyana zimenezi.

A Mwantumu akuti, "Ndiye lero mano onse afa?" Ndaseka, iwo osaseka.

Dzino lalimba, silikugwederanso. Kupweteka kulibe. Nkhama zili bwino. Mtima pansi.

Lachisanu, 28 Malichi

Foni ya a Mwantumu ndili mu minibasi. Akuti ku Ndirande kuli munthu amazula n'kuika lina tsiku lomwelo, ndipo akuchimuna ayamba kufunsa. Ndawapempha mogwira mwendo adikire Idi idutse. Alola monyinyirika.

Nditadula foni mantha andigwira. Bwanji ngati lafadi, tsaya n'kutupa sabata ya ukwati? Mwana wa eni ake.

Ndagula batire latsopano la kamakina ndi ndalama yanga. Batire lofooka nalonso limanamiza.

Lachinayi, 3 Epulo

Zeinabu wabwera yekha. Manja ojambulidwa kale maluwa a hina, ukwati Lamlungu. Ndamufunsa ngati wamwa panado kapena bulufeni lero, akuti ayi. Chabwino, mankhwala amenewa amagonetsa mtsempha.

Thonje, kuumitsa mpaka gwa, malovu asatengere magetsi kunkhama. Kolugeti. Nsonga pa dzino lija. Ndisanadine n'komwe batani, dzanja lili m'mwamba.

"Ndamva, anesi. Ndamva ndithu."

Mtima wanga wagwa. Kamakina kanali kozima. Ndamuuza chilungamo. Iye misozi mbwe. Akuti azakhali anena kuti likapanda kuyankha lero, mawa m'mawa ku Ndirande, ndipo iye akuopa kulowa m'banja ndi dzino logula. Ndamuuza kuti bodza lake silingalipulumutse, likafa lifa ndithu, ndipo ine ndiyenera kudziwa. Zandiwawa kunena, koma ndanena.

Ndamupukuta. Kuumitsanso. Ndamuuza atsinzine, dzanja alisiye, angomvetsera. Ndayamba kumusimbira za ukwati wanga, mmene keke inagwera m'galimoto pa Zingwangwa, nsonga ili padzino, chala changa osadina. Iye phee, akumwetulira ndi maso otseka. Nkhani ili pakati ndadina mwakachetechete.

Nambala zikukwera. Phee. Zikukwerabe. Zitangopitirira theka, mtsikana wadzambatuka pampando, wandimenya dzanja, kamakina uko pasimenti.

"Asa! Mwandibaya!"

Chimenecho munthu sangapeke. Lamoyo! Ndamukumbatira magolovesi ali m'manja, tonse kulira ndi kuseka. Wayimbira azakhali ake ali pampando pomwepo, thonje lili m'kamwa.

Kamakina kasweka galasi, sikakuyakanso. A Laurenti sanadziwe, ali ku Kanjedza, abwera mawa. Powauza, ndiyamba ndi za dzino.