Chithunzi cha Pakama

Azakhali Bunruean,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija lasiya kuvuta? Kuno ku Udon tili bwino, mango apsa.

Viza ya amuna anga a Detlef ikutha Lachisanu. Paja mzungu wokwatira kuno akafuna kuti amuwonjezere chaka, amayenera kupita ku ofesi ndi mkazi wake, atanyamula chithunzi ali awiri pakama. Ndiye dzulo anatulukira ndi maluwa, kuchokera kumene amagona masiku anoko.

"Saichon wanga, tiye tijambulitse. Umwetulireko pang'ono."

Ndinamwetulira, azakhali, mano onse kunja. Malaya ndawasitira. Ndawauza kuti Lachisanulo adzatsogole, ndikawapeza pamzere.

Basi yobwera kwanuko imanyamuka m'mawa womwewo. Mundikonzere pogona. Akaitane chibwenzi chawo cha ku saluni chija chikawasainire.

Ndine mwana wanu,
Saichon