Mzere Waduka

Lachinayi, 13 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikulemba mothamanga chifukwa foni yanu sikugwira, ndipo dalaivala wathu amene akupatseni kalatayi waliza kale galimoto. Iyeyu ndi amene wandiuza kuti mukufuna kuchoka kusukulu kumene munathawira, mubwerere kunyumba mawa. Akuti munazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, mwakapeza kali pouma, ndiye mukuuza aliyense kuti, "Mtsinje watopa, tiyeni kwathu."

Bambo, kamtengo kanu sikananame, koma kamangoona madzi amene afika kale. Ntchito yanga ija mumaiseka kuti ndi yongoyang'anitsitsa mzere pakompyuta, ndi yoona madzi amene akubwera. Zida zimene tinaika m'mitsinje ya kumtunda zimayeza madzi odutsa, ndipo mzerewo umakwera ndi kutsika potsata madziwo. Amene anakuthamangitsani aja anali a timitsinje tapafupi, timene timadzaza msanga n'kuphwa msanga. Mtsinje wochokera kumapiri umachedwa, madzi ake akadali m'njira. Dzulo mzere wake unayamba kukwera chiriri, pamene kwanuko dzuwa likuswa mtengo.

Ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa mbuzi ndi malata munasiya aja. Ndikudziwanso kuti mawu a mwana wamkazi mumawamva ndi khutu limodzi. Ndakwiya nanu, Bambo, ndipo ndili ndi mantha aakulu.

Izi sindinafune kulemba, koma ndilembe basi. M'mawa uno mzere uja waduka, chida chasiya kutumiza. Abwana anaika kapu yawo pansi n'kunena kuti, "Mwina ndi batire." Ine ndikuopa kuti madzi achikokolola. Chidacho ndinachimanga ndekha pamwamba pa mlatho, pamalo pamene ndinkati madzi sangafike ngakhale zitavuta bwanji.

Chenjezo tatumiza kale kuwailesi, koma inu ndimakudziwani, munena kuti za m'wailesi n'za anthu a m'tauni. N'chifukwa chake ndalemba ndi dzanja langa. Chonde khalani pomwepo mpaka ndidzakuuzeni ndekha kuti mzere watsika.

Mundiperekere moni kwa Mayi. Mankhwala awo a miyendo ndapatsa dalaivala. Mukatsika inu, iwo sangatsale, adzakutsatani pambuyo ndi ndodo yawo monga amachitira masiku onse, ndipo kuthamanga sangathe. Musanamange katundu, yambani mwaiyang'ana miyendoyo.

Ndine mwana wanu wachisamba.