Manja Auma, Edna Wandikana

Edmonton, London
3 Malichi

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi miyendo ija ikukuvutanibe? Kalatayi ndapatsira a Oswald a kutchalitchi kwathu omwe akukwera ndege mawa, chifukwa nkhaniyi pafoni ndikanangolira osaimaliza.

Mukulidziwa vuto langa la thukuta la m'manja, lija linkanyowetsa makope kusukulu. Kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito, magolovesi ankadzaza madzi ngati ndachokera kochapa. Adokotala anandiuza kuti kuli jakisoni woumitsa thukutalo. Amabaya pang'onopang'ono malo ambiri pachikhatho, mankhwala ake oyeza bwino, chifukwa akapyola muyezo zala zimafooka. Anandilemba dzina, koma anati ndidikire miyezi ingapo.

Nditamuuza Edna wa azakhali anaseka. Anati iye ndi nesi, ndipo jakisoni yemweyo amabaya azimayi kumaso Loweruka lililonse kunyumba kwake ku Thamesmead, ndiye mbale wake adikirirenji pamzere ngati mlendo. Ndinakwera mabasi awiri kupita. Pobaya anati madokotala a kuno amaumira mankhwala, iye andiikira ochuluka kuti ndithe chaka chonse manja ali gwa. Ndinamuthokoza, amayi, mpaka kumuombera m'manja.

Manja anaumadi. Koma patatha sabata zala zazikulu zinasiya kugwira. Batani la malaya likundikanika, kiyi sindingathe kupotoza. Tsiku lina kapu ya tiyi wotentha inandipulumuka ndikumwetsa gogo wina, mwayi wake inagwera pansi osamuwotcha. Abwana anandiimitsa kaye. Akufuna kalata ya dokotala yonena chavuta ndi nthawi yomwe ndichire, ifike pa 28 mwezi uno. Ikapanda kufika ntchito yatha, ndipo mapepala anga okhalira kuno ndi omangirira ku ntchito yomweyo.

Adokotala akuti sangalembe zongoganizira. Akufuna dzina la mankhwalawo ndi kuchuluka komwe kunalowa dzanja lililonse. Ndinamuimbira Edna ndili m'chipinda cha adokotala momwemo. Atamva kuti adokotala ali pambali panga, anayankha m'Chingerezi kuti sakudziwa zomwe ndikunena, n'kudula. Nditamuimbiranso panja, Chichewa chinabwerera.

"Mwayi, ukufuna andilande laisensi? Ukangonena kuti unagula wekha pa intaneti n'kudzibaya."

Amayi, Edna yemwe tinkagona naye mphasa imodzi patchuthi. Edna yemwe ndinamusunga miyezi isanu m'kachipinda kanga atangofika kuno, ine kugona pansi iye pabedi. Lero akufuna ndikaname kuti ndine wopusa wodzibaya ndekha, ndikachotsedwe ntchito, iye dzina lake likhale loyera. Lamulungu lapitali anauza azimayi kutchalitchi kuti ndadwala mitsempha, andipempherere. Anapemphera mokweza kuposa onse, atandigwira dzanja lomwelo lomwe analibaya. Ine mumtima munali moto. Zandiwawa kwambiri, ndipo sindibisa kuti ndamukwiyira.

Adokotala akuti mphamvu ya zala imabwerera mankhwala akatha m'thupi, ndiye za manja musade nkhawa kwambiri. Musadabwenso ndi zilembo zokhotazi, cholembera ndachigwira ndi chibakera ngati mwana wa sitandade wani.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa azakhali ku Ndirande, mukawafotokozere zonsezi pamaso, osati pafoni. Edna mafoni anga sakuyankhanso, koma mayi ake amawaopa. Amuuze anditumizire dzina la mankhwala ndi mlingo womwe anandibaya, ngakhale pakapepala kopanda dzina lake. Chipepeso asavutike nacho. Adokotala andifunsa kawiri kuti anandibaya ndani, ine kawiri konse ndaweramitsa mutu poganizira azakhali ndi ana a Edna. Koma likafika tsiku la 27 kapepalako kasanabwere, ndikamutchula.

Mupereke moni kwa achimwene a Felton ndi alamu, kwa Petronella ndi ana, komanso kwa amalume. Azakhali muyambe mwawapatsa moni wanga musanayambe nkhaniyo, pakuti iwo sanandilakwire.

Ndikudziwa kuti abale adzanena kuti Mwayiwathu wagwetsa mbale wake kudziko la eni. Akadzanena, inu mudzawauze kuti ndinayamba ndapempha.

Ndine mwana wanu,
Mwayiwathu