Timabotolo ta Pepo

Lolemba, 14 Okutobala

Kabotolo kena ka madzi a golide kasanduka mtundu wa pepo. Ndakhuthulira m'sinki. Pulojekiti iyi indipha ndithu. A Dr Zeinabu, ondiyang'anira, akufuna zotsatira Lachisanu akabwerako ku Lilongwe, apo ayi ndibwereza chaka. Golide wa m'labu watsala pang'ono, ndipo ananeneratu kuti wina sagula.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tikuchapa, amayi andifunsa kuti kodi kusukuluko ndimapanga chiyani kwenikweni. Ndayesa kufotokoza: tizidutswa ta golide tosaoneka ndi maso, mbali ina timakonda madzi, mbali ina timadana nawo. Ukamadonthezera madzi pang'onopang'ono timabisa mkati mbali yodana ndi madziyo, n'kufola tokha mwadongosolo popanda wotiuza. Ati ngati mmene sopo amachitira ndi mafuta m'mbale? Ndati eya, pafupifupi. Ati ndiye golideyo ubwera naye liti, Ndirande yonse itiope? Ndaseka, koma mumtima muli mantha. Ndimafotokoza bwino zinthu zoti sindinazionepo.

Lachitatu, 16 Okutobala

Pepo, kawiri konse. M'sinki.

Hamudi, wa m'kalasi mwathu, wandikumbutsanso zomwe tinaphunzira chaka chatha popanga tizidutswato: golide wabwino ndi wofiira, akasintha mtundu ndiye kuti waundana, waonongeka. Akuti mwina ndi kutenthaku. Iyeyo pulojekiti yake ndi ya dothi la ku Bangwe, koma pa chilichonse ndi dokotala. Komabe zakezo ndi zoona, ndimazikumbuka. Nanga ndikulakwitsa pati?

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndasintha madzi, ndatsuka mabotolo, ndadonthezera modekha mpaka dzanja kuchita dzanzi. Golide womaliza. Kabotoloko kanali kofiira bwinobwino, kenaka ndikuona ndi maso angawa, pepo. Ndangokasiya pambali pa sinki, ngakhale mphamvu zotayira ndinalibe. Pobwerera minibasi yandipitiriza siteji, kondakitala n'kumandiseka.

Amayi sindinawauze.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndinalawira kuti ndikapepese. Ndapeza a Dr Zeinabu afika kale, kabotolo kanga akukayang'anitsa pawindo. Afunsa ngati pansi pali zodikha. Panalibe, madzi ali mbee, mtundu wokhawo.

“Patience, zagwirana izi. Golide woonongeka amadikha pansi. Tizidutswa tikafola moyandikana mtundu umayenera kusintha chonchi.”

Iwo akumwetulira, akuti kamodzi sikakwanira, pafunika timabotolo titatu kuti tisonyeze kuti sizinangochitika mwangozi.

“Tina tija wasunga kuti?”

Hamudi, yemwe anali m'labu momwemo, anatuluka mwakachetechete. Ine ndinayang'ana sinki.