Malaya Achikasu a Achemwali

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ife ana anu awiri kuno kutauni. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija likukulolani kuyenda? Mitambo ikangoda ndimaliganizira, poti ndikudziwa kuti inu za kukhala pansi simumva. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo ayi. Ndalemba kalata chifukwa chipinda chathu ndi chimodzi, ndikalankhula pa foni achemwali amamva zonse ngakhale atatsinzina. Alamu, mukamawawerengera amayi musadumphe pena paliponse, ndapota nanu.

Amayi, achemwali sakupeza bwino. Kuchipatala anatibweza. Dokotala anandiitanira pakhonde, nandiuza kuti chotupa cha m'mimba chija chafalikira, opaleshoni singathandizenso. Anatipatsa mankhwala oletsa ululu basi. Panopa sadzuka okha. Makina awo osokera ndinawafunditsa nsalu, pamwamba pake m'pamene tikuika makapu ndi mabotolo a mankhwala.

Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri n'chakuti ine ndimachoka m'mawa kupita kochapa ndi kusita, kubwera madzulo. Tsiku lonse ankagonera mbali imodzi, wowatembenuza panalibe, mpaka chilonda chinayamba m'chiuno. Ndikajomba, abwana ankati simbi yanga aipereka kwa wina. Ndikapita, manja ankasita koma mutu uli kunyumba. Ndinkangoona ngati agwa pabedi, kapena madzi awatsamwa, kapena akundiitana. Tsiku lina ndinawotcha kolala ya malaya a kasitomala ndili maso chonchi.

Mukukumbukira kalabu ija achemwali ankakuuzani atabwera kumudzi? Muli anthu osiyanasiyana, aphunzitsi, amayi a mumsika, dalaivala wa basi, bambo wosoka nsapato. Loweruka lililonse amagawana awiriawiri kupita kwa odwala ndi okalamba amene alibe owasamala. Amawasambitsa, kuwawenga zikhadabo, kusesa ndi kuchapa. Lamulo lawo n'lakuti salowa m'nyumba ya munthu osavala malaya achikasu a kalabu, kuti anthu asawayese akuba. Malaya onsewo anasoka ndi achemwali, ndipo pa ntchito yotembenuza wodwala osamupweteka panalibe wowaposa. Koma kuno kumene tikukhala malaya amenewa anatchuka moipa. Akangolowa pakhomo pena, anthu amayamba kunong'onezana kuti pamenepo patsala pang'ono.

Ine ndinakawadandaulira amayi apampando a kalabuyo mobisa. Anabwera Loweruka ndi mnzawo, atanyamula beseni ndi sopo. Achemwali atangoona chikasu pawindo, anandiuza kuti nditseke chitseko ndi mpiringidzo. Analankhula nawo chitseko chili chotseka. Anati iwo sanafe, ndipo akudziwa zimene zimachitika ntchito ikatha, kuti onse amakakhala m'kalasi ya pasukulu, tiyi m'manja, aliyense n'kumafotokoza zimene waona, uyu matiresi ake akununkha, uyu wangotsala mafupa. Anati iwonso akhala akufotokoza za anthu ena chomwecho, ndiye chaona mnzako chapita, koma iwo sadzakhala nkhani yomwera tiyi. Apampando anachonderera mpaka anatopa. Anasiya sopo pakhomo n'kumapita.

Ine ndinalira, Amayi. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti ndisiye ntchito tonse tisowe pogona. Anandiyankha kuti ndisawalirire maliro akadali moyo, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Sitinalankhulane mpaka mawa lake.

Mu kalabumo muli mayi wina wogulitsa masamba, anthu amangoti a Wailesi, chifukwa pakamwa pawo sipazima. Iwo ndi achemwali akhala akukangana kuyambira kale. A Wailesi amati malaya awo anawasokera othina dala, achemwali amati malaya alibe mlandu, mwini wake ndiye sasiya kutafuna. Lolemba madzulo anangotulukira, atavala zovala zawo za kumsika, osagogoda n'komwe. Sanafunse za matenda. Anakhala pampando n'kuyamba kudandaula kuti kalabu yalowa anthu atsopano osadziwa kanthu, Loweruka anatsala pang'ono kugwetsa nkhalamba ina pabedi, aphunzitsi aja amangodziwa kulankhula, ndipo amene amaidziwa ntchito angogona apa ngati mkazi wa bwana.

Achemwali anatsegula maso. Anati a Wailesi asanene anzawo, poti iwonso amatembenuza munthu ngati thumba la makala. Anakangana ndithu, ine ndili pakona mtima uli m'mwamba kuopa kuti akomoka. Pomaliza achemwali anati atsopanowo abwere nawo kuno adzawaphunzitse, koma aliyense adziwe kuti akubwera kusukulu osati kwa wodwala, ndipo iwonso monga mphunzitsi avala malaya awo achikasu.

Tsikulo litafika ndinatulutsa malayawo m'sutikesi, ndinawasita bwinobwino. Nditawaveka, Amayi, anangolendewera ngati ali pa msomali. Anadziyang'ana. Kenako anati telala sangaonekere kwa anthu ndi chovala chotere, ndiwapatse singano. Anayesa kangapo, ulusi unawakanira kulowa. Ndinatuluka panja ngati ndikukataya madzi, ndinakachotsa mapegi oyanikira zovala pachingwe. Ndinasonkhanitsa nsalu yolendewera ya malayawo kumsana kwawo n'kuipana. Kutsogolo malaya anakhala ngati kale. Anapempha galasi, anadziona, nati basi, tsegula chitseko.

Analowa amayi atsopano aja ndi a Wailesi ndi apampando, onse achikasu, chipinda chinadzaza. Bambo wa nsapato anatsala panja, akuti akonze chitseko chathu chimene chimakhula pansi. A Wailesi anayang'ana uku ndi uku, nafunsa kuti nanga aphunzirira pa ndani, poti pansi m'popanikiza ndipo iwo sangagone, wowadzutsa sangapezeke. Achemwali anati popeza iwo agona kale, aphunzirire pa iwo, koma amene awapweteke alephera mayeso.

Ndiye anawatembenuza, kuwasambitsa, kutsuka chilonda chija, kusintha nsalu ya pabedi osawanyamula. Achemwali ankangolamula. Ankati ayambe atenthetsa manja awo, munthu si nsomba. Mbali imene sukusambitsa uziifunditsa nsalu. Uzilankhula ndi wodwalayo, osati kulankhula za iye ndi mnzako pamwamba pa mutu wake. Mayi wina wamng'ono anamubwezetsa kawiri chifukwa chogwira pamkono m'malo mwa paphewa. Asanawagoneke chagada ndinaona a Wailesi akuchotsa mapegi aja mwakachetechete n'kuwaika m'thumba, atatha anawabwezera. Munthu amene sasunga nkhani uja, za mapegi sananene kwa aliyense mpaka lero.

Kuyambira pamenepo ophunzira akubwera tsiku ndi tsiku masana, awiriawiri, ine ndili kuntchito. Mwa ophunzirawo muli apampando, amene agwira ntchito imeneyi zaka zambiri, koma akafika pano amachita ngati sadziwa ngakhale kufinya kansalu, kuti achemwali awakalipire. Anthu oyandikana nafe atayamba kusuzumira, a Wailesi anaima pampopi n'kulengeza kuti pakhomo pathu patsegulidwa sukulu, wofuna abwere ndi beseni lake. Ndinamvanso kwa bambo wa nsapato kuti pa tiyi wa Loweruka dzina la achemwali silitchulidwa pa odwala. Amangoti maphunziro akuyenda bwino. Chilonda chija chayamba kuuma, ndipo ine sindinajombenso.

Koma Amayi, musati mtima wanga wakhala pansi. Maphunziro akufupika. Poyamba ankakalipa ola lathunthu, tsopano amanena mawu ochepa n'kupuma. Dzulo akuti anagona phunziro lili pakati, ophunzira anangomaliza okha mwakachetechete. Tiyi amangonyowetsa milomo. Ine ndi amene ndimawaveka m'mawa ndisanapite, ndiye ndikudziwa zimene sizioneka kutsogolo. Nsalu imene ndimapana kumsana ikuchuluka sabata ndi sabata, mapegi ndachita kuwonjezera.

Lamulungu ndikuwapesa tsitsi anandifunsa ngati bondo lanu lingapirire ulendo wa pa basi. Ndinati ndikufunsani. Anati ndisakuvutitseni, amangofunsa. Inu mwana wanu mukumudziwa, chibadwire sanapemphepo kanthu. Kufunsa kumeneko ndiye kuitana kwake.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani, Amayi, mwezi uno. Musadikire kukolola, kumunda alamu ndi achimwene aonako. Ndikuopa kuti mukachedwa mudzapeza munthu wosatha kukuyankhani. Dalaivala wa mu kalabu uja wati mukangotiuza tsiku adzakuchingamirani kudepoti, simudzasochera. Mudzakhale mpando wa kutsogolo kuti mwendo muziwongola, ndipo mutenge juzi, chipinda chino chimazizira pansi. Ine ndidzagona pamkeka, inu pa matiresi anga.

Mukadzafika mudzawapeza atavala malaya achikasu aja, chifukwa anena kale kuti mayi awo sangawaone ngati wodwala. Mudzawauze kuti akuwakhala bwino. Mukadzawakumbatira, dzanja lanu lidzagunda mapegi kumsana. Musadzafunse, ndipo misozi mudzaisunge mpaka titatuluka panja.

Mupereke moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa adzukulu anu onse. Muwauze kuti atikumbukire m'mapemphero. Achemwali sakudziwa kuti ndalemba zonsezi, koma moni wawo ndikupereka, sangaukane.

Tsalani bwino, Amayi. Ndikhala ndikuyang'ana kunjira.

Ndine chitsirizira wanu,
uja mumati amada nkhawa mvula isanagwe.