Dzina Lanu Akuti Tisalitchulenso

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Croydon tilipo, kungoti kuzizira. Chibwabwa chomwe ndinadzala kuseri kwa nyumba chapsa ndi chisanu. Msuweni wanga Grace wa ku Thamesmead wachira, mwana wamwamuna, mphuno ya amalume yeniyeni. Koma si zimene ndakulemberani. Mtima wanga uli m'mwamba, Amayi.

Ndi za mdzukulu wanu Esinati, yemwe tinamutcha dzina lanu. Sukulu yawo yawatengera ku Australia, ku zilumba za anthu otchedwa Atiwi, kuti akakhale m'makomo mwa eni dziko n'kuphunzira miyambo yawo. Ine ndinkaopa ng'ona, poti akuti kumeneko n'zosayamba. Ndinamulangiza mpaka kukhosi kuuma kuti asayandikire madzi. Kusadziwa ine!

Dzulo waimba foni, chimwemwe chokhachokha, Chingerezi chili mbwee monga mwa masiku onse. Akuti mayi amene akumusunga atamva kuti dzina lake ndi la agogo omwe anatisiya chaka chatha, anagwira pakamwa. Kwawoko dzina la malemu salitchula, amaliika padera, ndipo amene ali nalo amapatsidwa lina. Basitu amupatsa lina, loti lilime langa lakanika.

Ndinati, "Iwe, dzina si malaya oti n'kuvula!"

Iye n'kuti, "Mama, asiyeni agogo apumule. Mukamandiitana mumawadzutsa."

Amayi, ndinangokhala pansi pomwepo. Mukudziwa kuti pamaliro anu sindinabwere, mapepala anga okhalira kuno kunja anali asanatuluke. Dothi sindinaponye. Chomwe ndatsala nacho n'choti m'mawa ndikaima m'munsi mwa masitepe n'kufuula kuti "Esinati!", wina amayankha. Nthawi zina ndimamuitana popanda chomutuma, iye n'kutsika akung'ung'udza kuti ndimamuvutitsa.

Inu munkakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi wa Chitiwiyo wachita zomwezo, sindingamude. Koma ndikuopa. Ndikuopa kuti mwanayu atsika ndege ali ndi dzina lachilendo, lanu litatsala kutsidya kwa nyanja, m'nyumba muno n'kukhala zii. Ndiye pali china chimene chikundiopsa koposa: nanga ngati akunena zoona? Kodi chaka chonsechi ndakhala ndikukudzidzimutsani m'mawa uliwonse, inu mutatopa kale ndi matenda aja? Ndiuzeni, Amayi, ine sindikudziwa.

Afika Loweruka. Bambo ake akuti ndisakamuchititse manyazi pa eyapoti, ndikangomukumbatira basi. Iwo savutika, amayi awo ali moyo.

Ndikukulonjezani ichi. Akamatuluka pakhomo la eyapotiyo ndidzaitana dzina lanu mokweza, kamodzi kokha. Akacheuka, mundikhululukire, ndipitiriza kukuvutitsani. Akapanda kucheuka, sindidzalitchulanso, ndipo mugone.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Lusiya