Mtengo wa Mkamwini

14 Ogasiti
Nthambi yaikulu ya furanjipani, yochokera kusukulu komwe ndimaphunzitsa. Ndaiyanika pamthunzi kuti utomoni uume. Yaiwisi imawola. Dothi la kuno ku Chia ndi lamchenga, loyenera. Liness wati, "Bambo a Jenifa, pano mpakwathu. Muyambe mwawauza atsibweni." Ndaseka. Mwambo ndimaudziwa: mkamwini akabzala mtengo, amati akufuna malo. Koma wa maluwa, wosadyedwa n'komwe?

3 Novembala
Maluwa oyamba. Oyera, pakati pachikasu. Fungo mpaka kukhitchini. Odutsa akumaima.

9 Novembala
A Zangaphee, atsibweni a Liness, anabwera masana. Mpando anaukana. Anaima pamtengo, amayi ochokera kuchinangwa akumva. "Akamwini, mwayamba kubzala? Mawa mutilozera malire, eti? Kwanu ku Dedza dothi linatha?" Kuseka ponseponse.

Mayankho ndinali nawo. Mizu yake siyenda patali. Mtengo si chikalata cha malo. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga: "Anabzala ndi mwana."

Jenifa ali pomwepo pakhonde, kundiyang'ana.

Atsibweni anafewa nthawi yomweyo. "Ngati ndi Jenifa palibe mlandu. Malo ano ndi ake." Anathyola duwa, n'kumuika m'tsitsi.

Mtengo wapulumuka.

10 Novembala
Liness sanakalipe. Pondipatsa madzi osamba wangoti, "Aphunzitsi a sayansi." Bola akanakalipa.

12 Novembala
Jenifa, tikupita kusukulu: "Adadi, ndinabzala liti? Sindikukumbuka." Ndati afulumire, tachedwa. Lero lomwe ndakalipira mwana wa eni chifukwa chokopera mayeso.

Madzulo sindinathirire. Ndikumadzera khomo lakuseri.

17 Novembala
Jenifa ndamupeza atagwada pafupi ndi mtengo, m'manja muli utomoni wokhawokha. Wathyola nthambi, waizika mumchenga, wathirira ndi kapu yake. "Tsopano ndabzaladi, adadi. Agogo akadzafunsanso, simunama."

Ndinamusambitsa m'manja, utomoniwo umayabwa.

Nthambi yake ndi yaiwisi. Iwola mvula ikangoyamba.

18 Novembala
Ndadula ina yofanana nayo. Ndaibisa padenga la bafa kuti iume, ndidzasinthe iye kulibe. Liness wandiona ndikutsika.

"Imeneyonso mudzati anabzala ndani?"

Nthambiyo ikadali padenga.